Mphete Yodulidwa ndi Phala Loyera

1. Amene anandiuza

Nkhani iyi ndinaimva koyamba kwa mayi wina telala, tsiku lomwe basi yathu inafera pamtunda. Tonse tinakhala m'mbali mwa msewu kudikira makaniko amene anapita kukafuna chitsulo. Ine ndayenda, nsapato zatha zambiri, ndipo chimodzi ndachiona: basi ikafa, pakamwa pa anthu pamatseguka.

Mayiyo anali atafungatira mutu wa makina osokera ngati khanda. Anati zonsezi zinachitika kuseri kwa khoma la shopu yake. Khomalo linali la matabwa, loti munthu akayetsemula uku, wa uko amamva mpaka kumupepesa. Ndikupatsirani monga momwe iye anandipatsira.

2. Kachipinda ka kuseri

Pakati pa shopu ya mayiyo, a Telala, ndi ya ometa tsitsi panali kanjira kopapatiza. Ukatsata kanjirako umafika pa chitseko chobiriwira. M'menemo munkagwira ntchito mmisiri wa mphete, ndolo ndi zibangili. Dzina lake anthu analiiwala kalekale, onse ankangoti a Mphete.

M'kachipindamo munali zenera limodzi ndi tebulo limodzi. Pansi pa tebulo anamangapo chikopa chowakha fumbi la siliva. Pamwamba panali matupa, mbaniro, kanyundo, ndi khala lalikulu losalala pomwe ankagonekapo chinthu pochiwotcherera. Pakona panali silinda ya gasi ndi paipi yake. Kuseri kwa katani kunali mabedi awiri ndi wailesi.

A Mphete sanakwatire. Ankakhala ndi mwana wa mlongo wawo, mtsikana wa zaka khumi ndi zinayi. Mayi ake atamwalira, bambo ake anapita kukagwira ntchito kutali, nasiya mwanayo kwa malume wake. Anati ndi kwa miyezi itatu. Zinatha zaka ziwiri.

Mtsikanayo ankatchedwa Nthenga. Anamupatsa dzinali ndi a Telala, chifukwa anali wowonda, komanso chifukwa cha ntchito yake. Akaweruka kusukulu ankatenga kamwala koyera ka mankhwala, n'kumakakhutiza pa mwala wosalala wothirapo timadzi, khwee, khwee, mpaka patuluke phala loyera ngati mkaka. M'mabuku phala limeneli amati fulakisi. Akatero ankaviika nthenga ya nkhuku m'phalamo n'kupaka pamene amalume ake akufuna kulumikiza. Kenaka ankasendera kumbuyo. Amalumewo ankaika kachidutswa ka chomatira, ndiye kuti siliva wofewa wosachedwa kusungunuka, kochepa ngati njere ya mchenga. Ndiyeno ankayatsa moto.

Ntchito ikatha, chinthucho ankachiponya m'kapu ya madzi owawasa kuti phala lonse lichoke. Kasitomala akabwera ankayamikira kuwala kwa siliva. Za phala palibe ankafunsa.

Kusukulu anzake ankamuseka zala zotuwa. Ankati amagona m'thumba la laimu. Iye sankayankha, ndipo pobwerera kunyumba ankayenda yekha, kutsata khoma. Kunyumba nako mawu anali osowa. Pa chakudya inkayankhula ndi wailesi. Amalume ake sanamumenyepo, sanamukalipirepo, komanso sanamufunsepo kuti, "Kusukulu kunali bwanji?" Mawu awo a tsiku ndi tsiku anali awiri: "Phala," ndi "Basi."

"M'nyumba mwanumo mukusunga maliro kodi?" ankafuula motero a Telala kudzera pakhoma. "Ngakhale amphaka amakangana!"

A Mphete ankangotsokomola.

3. Kabokosi ndi kalata

Pa shelefu ya pamwamba panali kabokosi kachitsulo kokhoma. Kiyi wake ankakhala pa chingwe m'khosi mwa a Mphete, usana ndi usiku, ngakhale posamba.

M'kabokosimo munali mphete ya mayi ake a Nthenga. Anaisula ndi a Mphete omwewo pa ukwati wa mlongo wawo. M'kati mwake anakhomamo timadontho tiwiri, ka mkazi ndi ka mwamuna. Nthenga atabadwa anawonjezera kachitatu. Matenda atakula, zala za mayiyo zinatupa, ndipo kuchipatala anachita kuidula mpheteyo kuti ichoke. Podulapo panali pafupi penipeni ndi kadontho koyamba, ka mayiyo. Chiyambire tsiku limenelo mphete inangokhala yasaa m'kabokosi, nsonga ziwiri zikuyang'anizana.

Lolemba lina kunabwera kalata. A Mphete anaiwerenga kawiri, naipinda, naiika m'thumba la malaya.

"Bambo ako abwera Loweruka kudzakutenga," anatero. "Apeza nyumba. Apezanso mayi wina."

Nthenga anapitiriza kukhutiza kamwala kake kwa kanthawi. Kenaka anaima.

"Amalume, mphete ya amayi ija. Mundilumikizire ndipite nayo."

"Nthawi yake sinakwane."

"Zaka ziwiri, amalume. Za anthu ena mumalumikiza tsiku lomwelo, ena akudikira pakhomopo."

"Za anthu ena si za mlongo wanga."

"Ndiye ndiloleni ndilumikize ndekha. Ndaonerera kambirimbiri. Ndingathe ngakhale nditatsinzina."

A Mphete anavula magalasi, nawapukuta ndi malaya. Tsiku limenelo anayankhula mawu ochuluka kuposa a chaka chonse, moti a Telala anaimitsa makina kuti amve bwino.

"Tamvera, mwana wa mlongo wanga. Maso amaphunzira msanga, manja amabwera pambuyo. Iwe ndikamawotcherera umayang'ana moto, chifukwa moto ndiwo uli ndi phokoso ndi kuwala. Aliyense wolowa muno amayang'ana moto. Koma moto ndi wantchito wopusa. Umangodziwa kutentha basi.

"Siliva ali ndi khalidwe lake. Akangomva kutentha, mpweya umamuveka chikhoto chakuda. Chomatira sichilowa pa chikhoto. Chimangokhala pamwamba, chitadzikulunga, ngati mlendo amene sanamuuze kuti lowani. Phala limene umapera lija ndilo limatchinga mpweya kuti chikhoto chisabwere. Ndilo limatsegula khomo.

"Si zokhazo. Phala ndi wotchi ya mmisiri. Liyamba lafufuma, layera mbee. Kenaka lisungunuka, lioneka ngati galasi. Ukaona galasi, dziwa kuti chomatira chatsala pang'ono kuthamanga, ndipo chikangothamanga uchotse moto. Wopanda phala sadziwa pamene wafika. Amangoti mwina moto wachepa, n'kuwonjezera. Ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo. Ndipo moto, mwana iwe, sudziwa kuti mphete iyi ndi ya ndani."

Nthenga anawerama. Koma pansipansi anang'ung'udza kuti, "Chinthu chofunika chotani chomwe mumachitsuka n'kuchitaya?"

Amalume ake anamva kapena sanamve, sitidziwa. Anavalanso magalasi nati, "Phala."

4. Kiyi patebulo

Lachiwiri linapita. Lachitatu Nthenga anachapa zovala zake zonse, nazipinda m'kachikwama. Zinangofika theka. Kusukulu sanauze aliyense kuti akuchoka, poti panalibe woti n'kumuuza.

Lachinayi masana anabwera kunyumba dzuwa likuswa mtengo. Chitseko chobiriwira chinali chongotseka, osakhoma. Amalume ake munalibe.

"Apita kukafunsa za gasi," anatero a Telala atasuzumira pakhomo, mapini ali kukamwa, tepi ili m'khosi. "Ati usadikire, udye. Iii, mwana iwe, ukuwonderawondera! Tsiku lina mphepo idzakunyamula, tidzakupeza padenga."

"Abwera nthawi yanji?"

"Ine ndine mlonda wa amalume ako? Munthu wosakwatira alibe wotchi. Bwera ndikuyese diresi, usakafike kwa eni ake ngati wothawa nkhondo."

"Ndibwera, amayi."

A Telala anabwerera ku makina awo. Nthenga anaika mabuku pabedi. Potembenuka anaona chinthu chikunyezimira patebulo, pafupi ndi khala lija. Anali kiyi, chingwe chake chakuda ndi thukuta chitadzipinda pambali.

Anaima njo, akumuyang'ana. Panja ana ankasewera mpira wa mapepala. Kwa ometa wailesi inkaimba. Iye anapita pachitseko, nasuzumira m'kanjira. Munalibe munthu. Anatseka, nakwera pampando, natsitsa kabokosi.

Mphete inali itakulungidwa m'kansalu koyera. Anaiika pachikhatho. Inali yopepuka kuposa momwe ankaikumbukira. Anaiyesa pa chala chachikulu, ndipo inangogwa. Anaitembenuzira ku zenera nawerenga timadontho: amayi, abambo, ine.

Anaipukuta ndi kansalu mpaka inawala. Kenaka anaipana pang'onopang'ono ndi mbaniro kuti nsonga ziwiri zija zikumane, monga ankachitira amalume ake. Anaigoneka pa khala. Anadula kachidutswa ka chomatira. Zonsezi anachita bwino, ndipo a Telala analumbira kuti mwanayo anali ndi manja a mmisiri.

Ndiye anayang'ana mwala wa phala. Unali wouma gwa. Kupera phala labwino kumatenga nthawi, ndipo amalume akanatulukira nthawi ina iliyonse. Anatenga nthenga ija, nayang'ana mphete ya amayi ake ikuwala pa khala lakuda. Aipakenso zoyera zomwe anzake amamuseka nazo? Zoti pambuyo pake n'kukazitsuka?

Anaiika pansi nthengayo. Anatola machesi.

5. Moto wopanda mwala

Gasi anati fuu, lawi lobiriwira linatuluka kunsonga kwa paipi.

Kuseri kwa khoma makina osokera anaima. A Telala anandiuza kuti pa zaka zonsezo khutu lawo linali litazolowera: mwala kaye, khwee, khwee, kenaka moto. Tsiku limenelo anamva moto wokha.

"Nthenga! Amalume ako abwera?"

"Ayi, amayi. Ndikungoyesa paipi."

"Mwalatu sindinaumve."

"Ndapera kale."

"Wapera ndi maso?"

Nthenga anatembenukira ku mphete. Makina anayambanso, koma mozengereza.

Anayendetsa lawi mozungulira mphete monga ankaonera. Poyamba zonse zinkaoneka bwino. Kenaka kuwala kuja kunayamba kuzilala. Siliva anachita chikasu, kenaka phulusa, kenaka bii. Kachidutswa ka chomatira kananjenjemera, n'kudzikulunga kukhala kampira. Kanakhala pamwamba pa mng'alu ngati dontho la madzi pa nsalu ya mafuta. Sikanalowe.

"Lowa," ananong'ona Nthenga. "Talowa."

Anakagunda ndi kawaya. Kanagubuduka n'kubwereranso. Iye anasendeza lawi pafupi. Ankadikira kuona galasi lija, koma panalibe choti chisanduke galasi. Anatsegula gasi pang'ono. Mphete inafiira psuu ngati khala la moto. Anatsegulanso pang'ono.

Ndiye pamwamba pa siliva panachita ngati thukuta. Asanaphethire n'komwe, nsonga imodzi ya mphete inafota, inabwerera m'mbuyo, n'kudziunjika kukhala chotupa chonyezimira.

Anachotsa moto. Anatseka gasi. M'chipinda munati zii.

Anadikira kuti izizire, manja ali pakati pa mawondo. Kenaka anaitenga ndi mbaniro, naiviika m'madzi, naiyang'ana pa zenera. Mng'alu umene unali wochepa ngati tsitsi tsopano unali woti chikhadabo n'kudutsa chopingasa. Anawerenga timadontho. Abambo. Ine. Pamene panali kadontho koyamba panali chotupa chakuda.

Sanalire mokweza. Anakhala pansi, msana utatsamira silinda ya gasi, mphete ili m'manja. Panja ana anagoletsa chigoli, nakuwa. Wina anaitanidwa ndi amayi ake kuti akadye. Nthenga anamvetsera dzina la mwana uja likuitanidwa kawiri, katatu, mpaka mwanayo anayankha.

Patapita nthawi anadzuka. Anakulunga mphete m'kansalu kaja, naiika m'kabokosi, nakhoma. Anabwezera kabokosi pa shelefu, kiyi patebulo, chingwe anachipinda monga anachipezera. Anafufuta khala. Amalume ake sankatsegula kabokosiko kawirikawiri, ndipo Loweruka linali mkucha.

Chitseko chinatseguka. Anali a Telala, diresi losamaliza lili paphewa. Ananunkhiza m'mwamba.

"Muno mwapsa chinthu."

Nthenga anayang'ana pansi.

"Ikanakhala nsalu, ndikanakuikira chigamba, amalume ako osadziwa mpaka imfa. Koma zitsulo si mbali yanga." Anamuyang'ana nthawi yaitali. "Ine sindinaone kanthu, maso anga ali pa singano. Ungathe kupita Loweruka pakamwa uli tsekee. Koma ndikuuze, mwanawe. Ndili mtsikana ndinapsereza diresi la ukwati la mwini wake, n'kulipinda mwaluso, popsapo m'kati. Anakalitambasula m'mawa wa ukwati. Lero ndili ndi imvi, koma ndikamva fungo la simbi ndimamuonabe mkwatibwi uja. Chobisa sichitsala m'bokosi. Chimakwera nawe basi."

Anasiya diresi pampando natuluka.

Nthenga anakhala chiimire. Kenaka anakweranso pampando, natsitsa kabokosi, natsegula. Anatenga mphete yopsayo naigoneka pakati pa khala, poonekera. Iye anakhala pambali pake, manja pamiyendo, nadikira.

6. Nsonga ziwiri

A Mphete anafika dzuwa litapendeka, chimanjamanja. Analowa, naona kabokosi kali yasaa, naona khala. Sanayang'ane mwanayo. Anakhala pampando wawo, natola mphete, naiyandikiza ku magalasi.

"Ndine ndachita, amalume," anatero Nthenga. "Sindinapake phala."

"Ndaona. Siliva amanena yekha."

"Kadontho ka amayi kapita."

A Mphete anaitembenuza mphete ija kangapo. Nthenga ankadikira mbama, ngakhale anali asanailandirepo. Mbama siinabwere.

"Ndinakuuza Lolemba, ndipo sindibwereza," anatero. "Mawu a akuluakulu akoma akagonera, koma awa agonera pa chinthu chodula. Chimene wachita lero anthu ambiri amachita. Amaona kuti chinthu chimene sichioneka pamapeto n'chosafunika poyamba. Womanga nyumba amachotsa mitengo yokwerapo khoma likatha, koma sunganene kuti akanamanga popanda mitengoyo. Zaka ziwiri iwe wakhala ukuganiza kuti ndinakupatsa ntchito ya wantchito. Mphete iliyonse yotuluka muno, ndolo iliyonse, inagwira chifukwa cha dzanja lako. Ine ndimangobwera ndi moto pamapeto."

Kenaka anapitiriza ndi mawu otsika.

"Koma mlandu suli pa iwe wekha. Zimenezi ndinayenera kukuuza kale, osati Lolemba. Mphete iyi ndinkaitulutsa iwe uli kusukulu. Ndinkaigoneka pa khala pomwepa, ndinkagwira machesi, manja n'kukana. Amayi ako ndinawabereka kumsana ali khanda. Atapita, inenso ndinavala chikhoto chakuda chija. Iwe unabwera, unakhala pamwamba, sunapeze polowera. Takhala m'nyumba muno ngati nsonga ziwiri za mphete iyi, kuyang'anizana osakhudzana."

Apa ndi pamene Nthenga analira. A Telala anati kuseri kwa khoma nawonso anasoka mzere wokhota, mpaka anachita kuusula.

A Mphete anamusiya alire. Atatha, anamukankhira mwala uja ndi kamwala koyera.

"Phala," anatero.

7. Galasi

Nthenga anathira timadzi nayamba kukhutiza. Khwee, khwee, khwee.

"Eyaa!" anafuula a Telala. "Mwala wayankhula!"

Pamene iye ankapera, amalume ake anatenga kamacheka kowonda ngati ulusi, nadula chotupa chija ndi malo onse opsa. Anapala nsonga ziwiri ndi tupa mpaka zinayera. Anapinda mphete kuti zikumane, naikweza ku zenera.

"Ukuona kuwala pakati?"

"Pang'ono."

"Ndiye sizinakumane. Chomatira sichitseka dzenje, chimangogwira zimene zagwirana kale."

Anapalanso. Kachitatu kuwala sikunadutse.

"Usaigwirenso ndi zala, mafuta a m'manja nawo ndi chikhoto. Paka."

Nthenga anaviika nthenga, napaka pa mng'alu, m'kati ndi kunja, kenaka mphete yonse. Inayera, inaoneka yonyansa. Anaika kachidutswa ka chomatira. Mwachizolowezi anasendera kumbuyo.

"Ukupita kuti?" anafunsa a Mphete. Anayatsa moto, nampatsa paipi m'manja. Dzanja lawo lokhakhala linagwira mkono wake.

"Usalunjike pa chomatira. Tenthetsa mphete yonse, zungulira. Chomatira chimatsata kumene kwatentha. Tsopano usayang'ane moto. Yang'ana phala lako. Likuti chiyani?"

"Lafufuma."

"Dikira."

"Layera... likuphwa."

"Dikirabe."

"Galasi, amalume!"

Kachidutswa kaja kananyezimira kamodzi, n'kuthamanga mu mng'alu ngati mphezi. Nthenga anachotsa moto yekha, dzanja la amalume lisanamukoke.

Anaiponya m'madzi owawasa. Phala lonse linachoka. Anaitsuka, naipala, naipukuta. Polumikiza paja pankaoneka kamzere kochepa, koti n'kukaona yekha amene akudziwa.

Mphete inali itachepa chifukwa cha mbali yodulidwa ija. A Mphete anagwira dzanja la mwanayo, nayesa pa chala chapakati. Inalowa, inakhala, siinagwe.

Nthenga anaivula nayang'ana m'kati.

"Simungakhome kadontho kena, amalume?"

"Ndingathe. Ndi ntchito ya kamphindi. Koma sikakhala kamene kanagona pa chala cha amayi ako. Moto ukatenga subweza. Zisiye choncho, uzikumbukira."

Nthenga anaivalanso. Amalume ake anatsokomola, nayang'ana kukhoma.

"Kusukulu kunali bwanji lero?" anafunsa.

8. Mlendo wa Loweruka

Nthenga asanayankhe, kunamveka "Odi!" m'kanjira muja.

Pakhomo panaima bambo wovala jekete ndi nsapato zatsopano, chikwama chili m'manja. Nthenga anatenga kanthawi kuti amuzindikire. Anali atanenepa, ndevu atameta.

"Alamu, muli bwanji muno? Ndati ndifulumire, Loweruka ndili ndi zochita." Anatembenukira kwa mwanayo. "Iii, ndiwe? Wakula ngati bango! Sundipatsa moni?"

Nthenga anagwada pang'ono. "Takulandirani, bambo."

"Walongedza? Tinyamuka m'mawa." Bamboyo anaika chikwama pansi, nayang'ana pa shelefu, kenaka pa kabokosi kotsegula kaja. "Ndaona mwakonzeka, alamu. Monga ndinalembera m'kalata muja, ndadzera zinthu ziwiri, mwana ndi mphete. Mwailumikiza? Ukwati uli mwezi wamawa, ndipo mayi ake atsopanowa akuidikira. Chinthu chabwino chisamangogona m'bokosi."

Nthenga anayang'ana amalume ake. Za mphete iwo sanamuuze. A Mphete anali kupukuta magalasi, osafulumira.

Pang'onopang'ono mtsikanayo anapinda zala, nabisa dzanja kumbuyo. Bambo ake anaona.

"Uli ndi chiyani m'manjamo? Tandionetsa."

Nkhani itafika pamenepo, makaniko wa basi yathu uja anatulukira ndi chitsulo chake, anthu anayamba kulimbirana mipando, ndipo a Telala ananyamula makina awo. Koma ndisanawasiye ndinawafunsa chinthu chimodzi, chomwe chinkandivuta kuyambira pakati pa nkhani. Iwo analumbira, dzanja pamtima, kuti a Mphete anachita kuiwala kiyi patebulo paja, poti chingwe chinkawayabwa ndi kutentha.

Ine mpaka lero sindikhulupirira. Munthu amene wasamba ndi kiyi m'khosi zaka ziwiri samuiwala Lachinayi lomwelo kalata ili m'thumba. Gasi amene anapita kukafunsayo, silinda inali yodzaza. Ndipo mmisiri aliyense amadziwa kuti mphete ikapsa imadulidwa, ikadulidwa imachepa, ndipo mphete yokwana chala cha mtsikana wowonda singalowe chala cha mkwatibwi.